Beston Anasiya Mnzake pa Phiri la Okondana

Beston Muhiwa anabadwira ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ndevu zisanamere anali atayamba kale kusenza zikwama za alendo okwera phiri. Anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi zinayi. Ankadziwa malo oterera, ankadziwa kumene kuli madzi m'chilimwe, ankadziwanso nkhope ya munthu amene watopa koma akuchita manyazi kunena. Akuluakulu amene anamuphunzitsa ntchito anali ndi lamulo limodzi lomwe sankaseweretsa: munthu wotsalira m'mbuyo sasiyidwa yekha, kaya ndi mlendo kaya ndi wonyamula katundu mnzako.

Mu 2001, njala itayamba kuluma kwawo, Beston anakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Harare, mpaka anakatsika pa renki ya ku Gaborone ali ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya msuweni wake yomwe sinkalowa. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka bambo wina wamfupi, wojintcha, wa simenti m'zikhadabo, anaima patsogolo pake n'kuyang'anitsitsa chitenje chimene anamangira chikwama chija.

"Achimwene, chitenje ichi n'chakwathu. Mukudikira ndani?"

Bamboyo anali Ackim Magwira, mmisiri womanga nyumba wa ku Thyolo, amene anali atakhala ku Botswana zaka zisanu ndi chimodzi. Sankamudziwa Beston, koma anamutengera kunyumba kwake ku Kumakwane, komwe ankachita lendi zipinda ziwiri ndi mkazi wake Dinnah. Beston anagona pabalaza pawo miyezi inayi. Ackim ndi amene anamupezera ntchito yosamala maluwa ndi kutsegula geti pa nyumba ina ku Mokolodi, ndipo Dinnah ndi amene anamuphunzitsa kunena dumela rra ndi ke a leboga, moni ndi zikomo wa m'Chitswana, mopanda chibwibwi. Kuyambira pamenepo Ackim anali achimwene, Dinnah anali alamu.

Chimene chinkamusowetsa mtendere Beston ku Gaborone chinali kuphwatalala kwa dzikolo. Phiri la Kgale, lomwe anthu a m'tauni ankalitama, analikwera osatuluka thukuta, n'kubwera akuseka kuti kwawo chimenecho n'chulu. Tsiku lina mlonda mnzake wa Chitswana anamuuza za phiri lina ku Otse, pa msewu wa ku Lobatse, lotchedwa Lentswe la Baratani, kutanthauza phiri la okondana. Anati kalekale mnyamata ndi mtsikana a m'mudzimo anakondana, makolo n'kuwakaniza kukwatirana, iwo n'kukwera phirilo atagwirana manja, osabwereranso. Ena amati anadziponya kuphompho, ena amati akadali momwemo. Mlondayo anati iye sangakwereko ngakhale atamukoka ndi chingwe.

Lamulungu lotsatira Beston anakwera basi ya ku Lobatse n'kutsika pa Otse. Phirilo silinali Mulanje, koma linali phiri. Miyala yake inali yofiirira, yamchenga, yosanjikizana ngati anaiyala ndi manja, ndipo penapake ukaikanda ndi mpeni inkayoyoka. Atafika pamwamba anakhala pansi nthawi yaitali osafuna kutsika. Anabwerera mlungu wotsatira, ndi winawo, mpaka anadziwa njira zake zonse.

Dinnah ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Block 3 kwa Mayi Perpetua, namwino wachimalawi. Iye ndi amene anawauza kuti ali ndi mlamu wake wodziwa mapiri. Mayi Perpetua anauza Bambo Silas, mphunzitsi wa masamu wa kumpingo kwawo, ndipo posakhalitsa kagulu ka Amalawi ophunzira kanayamba kupita ku Otse kamodzi pamwezi, Beston ali patsogolo. Apa ndi pamene mtima wake unayamba kukula. Pakati pa mlungu anali "Beston, tsegula geti." Paphiri madokotala ndi aphunzitsi ankaima n'kufunsa kuti, "A Muhiwa, tidzere pati?"

Ackim yekha sankapitako.

"Ine ndimakwera sikafolodi masiku asanu ndi limodzi," ankatero, "tsiku lopuma ndikakwerenso miyala? Kumeneko kuli chiyani?"

Beston anamukakamira miyezi yambiri. Ankafuna kuti munthu amene anamutola pa renki amuone akutsogolera anthu a madigiri. Pomaliza Ackim anavomera kupita pa tchuthi cha pa 30 Sepitembala 2005, tsiku la ufulu wa dziko la Botswana. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anavala nsapato zake za kutchalitchi.

Tsikulo anthu anali khumi ndi awiri. Bambo Silas anabwera ndi mnzawo wina, bwana wa kampani yoyendetsa alendo, ndipo anamunong'oneza Beston asananyamuke kuti, "Munthu uyu akufuna gaidi wotsogolera alendo ake Loweruka lililonse. Lero muonetse zimene mumadziwa." Anayamba kukwera mochedwa, cha m'ma teni, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Mvula inali isanagwe, mitengo yambiri inali yopanda masamba, ndipo miyala inkatentha m'manja.

Atafika chapakati, Beston anacheuka n'kuona kuti Ackim watsalira kwambiri. Anauza gulu kuti lipitirire pang'onopang'ono, iye n'kubwerera. Anamupeza atakhala pansi pa kamtengo kaminga, atavula chipewa, malaya atanyowa ndi thukuta, milomo itauma.

"Mutu ukundizungulira," anatero Ackim. "Maso akuchita mdima."

Beston anaidziwa nkhopeyo. Anali ataiona kambirimbiri ku Mulanje, ndipo ankadziwa chochita: kuitana Mayi Perpetua, kukhala naye pamthunzi, kenako kutsika naye. Koma atayang'ana kumtunda anaona bwana uja ataima pamwala, manja m'chiuno, akudikira.

"Pumani pompano, achimwene. Ndikangowafikitsa pamwamba, ndibwera. Theka la ola basi."

"Musachedwe."

"Sindichedwa."

Anamusiyira botolo lomwe madzi ake anali atapitirira kale theka. Atalipeza gulu, Mayi Perpetua anafunsa kuti a Magwira ali kuti. Beston anati akupuma pang'ono, abwera. Za mutu wozungulira sanatchule, chifukwa ankadziwa kuti namwino akamva zimenezo ulendo uthera pomwepo.

Pamwamba panali kamphepo. Pansi mudzi wa Otse unkaoneka ngati mabokosi a machesi omwazika, msewu wa ku Lobatse ndi njanji zitagona moyandikana. Kum'mawa mapiri ankapitirira mpaka kulowa m'dziko la South Africa, ndipo miimba inkazungulira m'mwamba osakupiza mapiko. Beston anaima m'mphepete mwa phompho n'kufotokoza nkhani ya okondana aja, m'Chingelezi chosakaniza ndi Chichewa, ndipo anaifotokoza bwino kuposa tsiku lina lililonse. Anthu anaomba m'manja. Anatulutsa zakudya, anajambulana zithunzi. Bwana uja anamufunsa mafunso ambiri, ndipo pomaliza anati, "Kodi pali njira ina yotsikira? Alendo anga sakonda kubwerera momwe adzera."

Njira inalipo, yodzera kuseri kumene mwala waukulu unapendekera ngati denga. Beston sanamuiwale Ackim. Zimenezi anadzazivomereza yekha pambuyo pake, kuti sikunali kuiwala ayi. Anamukumbukira, anayang'ana wotchi, n'kudziuza kuti munthu wamkulu ngati uja wapuma kale, watsika, ali pamthunzi pafupi ndi galimoto. Anatsogolera gulu njira ya kuseri.

Anafika pa galimoto patapita maola atatu chisiyireni Ackim. Panalibe munthu.

Beston anathamanga kukwera phiri monga sanathamangepo. Pansi pa kamtengo kaja anapeza botolo lopanda madzi ndi chipewa. Anaitana, koma kunali zii. Anaitananso, ndipo anamva kubuula chakumunsi. Ackim anali m'kachigwembe pakati pa miyala iwiri, nsapato imodzi itavuka, mwendo wakumanzere utapindikira kumene mwendo supindikira. Madzi atamuthera anadikirabe, kenako anayesa kutsika yekha, chizungulire n'kumugwetsa.

Anatsegula maso n'kumuyang'ana Beston.

"Mwabwera?" anatero.

Beston ataitana enawo n'kufika, Mayi Perpetua anamanga mwendowo ndi timitengo ndi malamba, ndipo anthu anayi anamutsitsa, Beston atagwira kumutu. Anamugoneka kumbuyo kwa galimoto ya Bambo Silas. Mayi wina wachikulire wa m'mudzimo, amene ankadutsa ndi nkhuni, anaima n'kupukusa mutu, akulankhula m'Chitswana kuti phiri limenelo si loseweretsa. Ali m'njira kupita kuchipatala ku Gaborone, Bambo Silas anafunsa osacheuka.

"Koma zinatheka bwanji kuti akhale okha nthawi yonseyi?"

Mawu anatuluka okha m'kamwa mwa Beston.

"Anandiuza kuti ali bwino, abwerera okha ku galimoto. Ndinawaletsa, koma anakana."

Mutu wa Ackim unali pamiyendo pake. Maso anali otsegula. Anamuyang'ana Beston kanthawi, kenaka anatsinzina.

Fupa linali litathyoka pafupi ndi chiuno. Madokotala anaikamo chitsulo, ndipo Ackim anagona m'chipatala milungu isanu ndi iwiri. Pa nthawiyo nkhani inali itazungulira kale pakati pa Amalawi a ku Gaborone, ndipo inasintha m'njira. Ena ankati phiri linamukankha. Ena ankati anamva mawu a mtsikana akumuitana. Kumpingo anamupempherera kuti amasuke ku mizimu ya dziko la eni. Ndipo onse ankagwirizana pa chinthu chimodzi: akanapanda Beston kuthamanga, a Magwira akanafera pomwepo. Dinnah anamugwira dzanja pakhomo la wodi, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, Mulungu yekha ndiye adzakuthokozeni. Amuna angawa ndi osamva, ndimawadziwa."

Beston anangoti, "Musatero, alamu," ndipo Dinnah anayesa kuti ndi kudzichepetsa.

Ntchito ya ugaidi anaipeza. Loweruka lililonse ankatenga alendo kupita nawo ku Otse ndi kumapiri ena, atavala malaya a kampani. Akafika pa kamtengo kaja ankafulumiza mapazi. Nkhani ya okondana ankaifotokozabe chifukwa alendo ankaifuna, koma akamva wina akufunsa ngati n'zoona kuti phirilo limavulaza anthu, ankasintha nkhani.

Ackim anatuluka m'chipatala mwendo umodzi utafupika. Pa sikafolodi sakanakweranso. Anayesa ntchito yoika matailosi, koma kugwada kunkamupweteka, ndipo mabwana amene ankamulimbirana kale anasiya kumuimbira foni. Ankakhala pakhonde ku Kumakwane, ndodo ili pambali, akuonera nyumba zatsopano zikumera pa mapuloti oyandikana nawo, n'kumanena yekha kuti khoma ilo lapendekera, lintala ilo aika msanga.

Lamulungu lililonse masana Beston ankapita kukamuona. Ankatunga madzi, ankakonza mpanda, ankapalira kadimba ka Dinnah, ndipo tsiku la kuchipatala ankapempha tchuthi kuti amukweze mnzake mu kombi, minibasi ya kumeneko. Dinnah ankamupakulira chakudya chambiri kuposa cha mwamuna wake, ndipo Beston ankachikankha kukhosi ngati mankhwala. Ackim ankacheza naye za mpira, za mvula, za mitengo ya simenti. Za phiri sanatchulepo ngakhale kamodzi. Kangapo Beston anafika pakhomo atakonza mawu, koma akangoona ndodo ija mawuwo ankabwerera. Anaonda. Abwana ake a ku Mokolodi anamufunsa ngati akudwala.

Chinatha chaka ndi miyezi isanu. Lamulungu lina mu Febuluwale 2007, Beston anali kuseri kwa nyumba akumanga waya woyanikapo zovala pamene anamva mbale ikusweka. Ackim anali atayesa kudzinyamulira tiyi kuchokera kukhitchini, ndodo n'kuterera. Dinnah anali atatopa. Mlungu wonse ankadzuka m'bandakucha kukwera makombi awiri kupita ku Block 3, n'kubwera kudzasamala nyumba, ndipo tsikulo mtima unamuphulika.

"Kusamva kwanuku kudzatha liti? Mwakhala pansi chifukwa cha kusamva, lero mukufuna kuthyola mwendo winawu? Mukanamvera alamu tsiku lija, bwenzi ine ndikuvutika chonchi?"

Beston anasuzumira pakona ya nyumba. Ackim anali atakhala pansi pakhonde pakati pa zidutswa za mbale, tiyi atanyowetsa thalauza, atazolika. Ndipo Beston anazindikira kuti mawu amenewa sanali oyamba, kuti mnzakeyo wakhala akuwamva chaka chonse.

Anaika pulayala pansi n'kubwera kutsogolo.

"Alamu, sanakane kundimvera. Ndinanama."

Dinnah anatembenuka, tsache lili m'manja.

"Anandiuza kuti mutu ukuwazungulira. Anandipempha kuti ndisachedwe. Ine ndinawasiya ndi madzi pang'ono, ndinati ndibwera pakatha theka la ola. Mayi Perpetua atafunsa ndinawabisira. Pamwamba ndinawakumbukira, koma ndinatsikira njira ina chifukwa ndinkafuna ntchito. Anandidikira maola atatu."

Dinnah anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a kunyumba, zimene akunenazi n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye nthawi yonseyi ine ndikukunyozani, ndikuuza anthu kumpingo kuti ndinu osamva, ndikumuphikira munthu uyu, inu muli duu?"

Ackim anatola chidutswa cha mbale n'kuchitembenuza m'manja.

"Poyamba ndinalibe mphamvu zolankhulira," anatero. "Kenako ndinakwiya kwambiri, moti ndikanatsegula pakamwa ndikananena zoti sindingabweze. Miyezi itatu ndinkati ndikamva mapazi ake pageti, mtima unkawira. Pambuyo pake ndinati ndidikire, ndione ngati adzanene yekha. Ndinamutola ndine pa renki. Ndinkafuna kudziwa kuti ndinatola munthu wotani."

Anakweza maso kwa Beston.

"Mwachedwa, achimwene. Koma mwanena."

Dinnah sanalire. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kunena motsitsa mawu kuti, "A Muhiwa, pitani kwanu." Aka kanali koyamba kumutchula dzina limenelo.

Mlungu womwewo Beston anapita ku Block 3 kukauza Mayi Perpetua. Anamvetsera ataimirira pakhomo, atavala yunifomu, kenaka anati, "Ine ndinali pamtunda wa mphindi zisanu, ndili ndi madzi ndi mchere m'chikwama. Mukanangonena mawu amodzi okha." Anatseka chitseko. Bambo Silas atamva anati nawonso ali ndi mbali yawo, poti ndi iwo anamuika pa mayeso tsiku limene lija, koma kagulu ka Amalawi sikanamuitanenso. Bwana wa kampani uja, Beston atamuuza, anangogwedeza mapewa n'kunena kuti zinatha kalekale, alendo a Loweruka afika eyiti koloko. Kumpingo ena anasiya kumupatsa moni. Ena anapitiriza kunena kuti phiri ndilo linakankha munthu, chifukwa nkhaniyo inkakoma kuposa inayo.

Ku Kumakwane sanapiteko miyezi iwiri. Kenako Ackim anamuimbira foni kuti Lachinayi ndi tsiku la kuchipatala, ndipo mu kombi sangakwere yekha. Beston anapita. Dinnah anamuyankha moni, koma chakudya sanamupakulire, ndipo iye anaona kuti n'koyenera.

Pakati pa 2008 a Magwira anaganiza zobwerera kumudzi. Ulendo wa masiku atatu, wotsika ndi kukwera pa zipata zitatu za malire, unali wosatheka kwa munthu wa ndodo ndi mayi wa mitolo isanu ndi umodzi. Beston anatenga tchuthi cha mwezi wathunthu n'kuwaperekeza. Pa chipata chilichonse ankatsitsa katundu, kumutsitsa Ackim, kumuimika pamzere, n'kumukwezanso. Dinnah anakhala pawindo ulendo wonse, akulankhula naye zofunika zokha.

Kumudzi ku Thyolo kunali nyumba imene Ackim anaiyamba zaka zapitazo, makoma ali m'chiuno, njerwa zotsala zitamera udzu. Beston anali asanagwirepo chipande cha omanga. Ackim anakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, ndodo ili pamiyendo, n'kuyamba kulamula. Khoma loyamba anamugwetsetsa kawiri.

"Chingwe mwachionera? Njerwa imatsata chingwe, osati maso anu. Phwasulani."

Beston ankaphwasula osadandaula. Pofika tsiku lobwerera, makoma anali atafika pa lintala, ndipo achibale a Ackim anati adzamaliza denga. M'mawa wonyamuka, Ackim anamuperekeza mpaka pamsewu, akutsimphina, n'kumuuza kuti khoma la kuchipinda lili ndi mimba koma liima. Dinnah anatsalira kumunda.

Beston anabwerera ku Gaborone, ku maluwa ndi geti la ku Mokolodi. Chaka cha 2009 chikutha anali akadali komweko, ndipo Loweruka ankatengabe alendo kupita ku Otse. Anali asanakwatire. Kamodzi pamwezi ankaimba foni ku Thyolo. Akayankha Ackim, ankacheza mpaka mayunitsi kutha. Akayankha Dinnah, ankamufunsa ngati ali bwino, iye n'kuyankha kuti ali bwino, ndiye Dinnah ankati, "Dikirani ndiwapatse eni ake," ndipo Beston ankamva mapazi ake akuyenda pabwalo kukafuna mwamuna wake.